Tikiti Yomaliza ya Sefa

"Alamu, musalembe. Chonde, musalembe kaye."

Sefa anali ataika kale zala pa kiyibodi. Atatembenuka anapeza mwamuna wa mng'ono wake atawerama pambali pa desiki, kapu ya tiyi ili m'manja, akumwetulira ngati munthu wodzabwereka nsapato. Muofesimo ankamutchula kuti Changu, chifukwa ntchito imene anzake ankalimbana nayo sabata yathunthu iye ankaimaliza tsiku lomwelo, ndipo ukaiona unkadziwiratu kuti yagwiridwa tsiku limodzi.

"Ndisalembe chiyani?" anafunsa Sefa.

"Chimene mwapezacho. Ndaona mmene mwakwinyira nkhope. Mukakwinya chonchi ndimadziwa kuti ndi zanga."

"Ndi zanu ndithu. Ndasintha nambala ya foni ya wodwala, koma uthenga ukupitabe ku nambala yakale."

"Aa, kameneko? Mzere umodzi wokha! Tiyi uyu asanazizire ndikhala nditakonza. Nanga kanthu kotere mpaka tikiti?"

Kampani yawo inali yaing'ono, chipinda chimodzi chachikulu pamwamba pa sitolo ya matayala, madesiki atandandalikidwa mizere iwiri, mawaya ali pansi ngati mizu. Ankapanga pulogalamu yothandiza zipatala kukumbutsa odwala, kudzera pa uthenga wa pafoni, tsiku lobwera kudzaonana ndi dokotala. Ena onse ankalemba pulogalamuyo. Sefa yekha ndiye ankaiyesa. Chilichonse chisanapite kwa makasitomala chinkadutsa mwa iye, ngati ufa mu sefa, n'chifukwa chake anamupatsa dzina limeneli. Akapeza cholakwika ankatsegula tikiti pakompyuta: chalakwika n'chiyani, chimachitika ukadina pati, ndipo gawolo analemba ndani. Mwini wake ankakonza, Sefa n'kuyesanso, tikiti n'kutsekedwa. Kwa zaka zambiri zinkayenda choncho popanda wokwiya kwenikweni. Tikiti inali ngati kuuza mnzako kuti watuluka m'nyumba osatseka zipi. Amachita manyazi pang'ono, n'kutseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Zinasintha atabwera a Telala. Sanali osoka zovala ayi. Anali bambo wa ku yunivesite, wofatsa, wa magalasi, amene ankachita kafukufuku wa mmene munthu angayezere ubwino wa pulogalamu ndi kagwiridwe ka ntchito ka oilemba. Tsiku loyamba atanena kuti abwera kudzayeza, wina kumbuyo anafunsa kuti, "Mutiyamba m'chiuno kapena m'mapewa?" ndipo dzina linagwira pomwepo. Iwo ankafuna kuona ngati zolakwika zingachepe anthu akayamba kuwerengerana zimene alemba asanazipereke, ndiponso akamakumana mwachidule m'mawa uliwonse. Njira yoyezera inali yosavuta: kuwerenga matikiti. Ananena mobwerezabwereza, dzanja lili pachifuwa, kuti manambalawo ndi a kafukufuku basi, si oweruzira munthu.

Abwana anagwedeza mutu kuvomereza. Sabata yotsatira anagula TV yaikulu n'kuipachika pakhoma moyang'anizana ndi chitseko. Pa TV imeneyo panali mayina a onse olemba pulogalamu, lililonse ndi mtundu wake: wa matikiti ochepa dzina lake linkabiriwira, wa matikiti ambiri linkafiira. Ndipo anauza anthu, akumwetulira, kuti amene chaka chidzamuthere ali wofiira adzakhala naye pansi. Aliyense ankadziwa kuti abwana akakhala nawe pansi umadzuka wopanda mpando.

Dzina la Changu linali psuu kuyambira tsiku limene TV inayatsidwa.

"Alamu," anatero tsopano, mawu atatsitsa, "mng'ono wanu ndi woyembekezera, mukudziwa. Miyendo yayamba kale kutupa. Ndikamuuze kuti mwana adzabadwa bambo ake ali pakhomo akusenda mbatata? Inu mungondiuza pakamwa. Ntchito ikhala yomweyo, cholakwika chikonzedwa chimodzimodzi. Chosiyana n'chiyani?"

Sefa anayang'ana TV, n'kuyang'ana mlamu wake. Mng'ono wakeyo anamulera yekha mayi awo atamwalira, ndipo ntchito imeneyi Changu anailowa chifukwa iye anamulankhulira kwa abwana. Anafunafuna chosiyanacho m'mutu mwake koma sanachipeze. Anachotsa zala pa kiyibodi.

"Lero lokha," anatero.

"Lero lokha, alamu. Mulungu akudalitseni."

Tiyi anazizira ndithu, koma Changu anakonza.

Muofesi simukhala chinsinsi. Mawa lake mtsikana wa desiki ya pawindo anabwera mozemba. "Achemwali, ndamva kuti masiku ano mumathandiza anthu." Kenako anabwera mnyamata wa ndevu, kenako ena onse mmodzimmodzi. Sefa akanamukana bwanji wina atavomera mlamu wake? Akanati ndi tsankho la pachibale. Mwezi usanathe ntchito yake inali itasanduka ina. Ankayesa pulogalamu monga kale, mwinanso kuposa kale, koma akapeza kanthu ankadzuka ndi kapu yake ngati akupita kukatunga madzi, n'kuima kumbuyo kwa mwini wake, n'kunong'ona: "Batani losungira ukalidina kawiri, wodwala akulembedwa kawiri." Mwini wakeyo ankagwedeza mutu osatembenuka, ndipo akakonza ankamukodola kuti adzayesenso. Tikiti ankatsegula mwa apo ndi apo, ya kanthu kopanda pake, monga chilembo chosowa pa mawu, kuti pasangokhala mbee.

Kuwerengerana kwa a Telala kunkachitika, inde, kwa dzina lokha. Munthu akamaliza gawo lake ankalitumiza kwa mnzake, mnzakeyo n'kuthamangitsa maso kuchokera pamwamba mpaka pansi uku akutafuna chingamu, n'kudina batani lovomereza. Adzivutitsirenji kuwerenga mofatsa poti Sefa alipo? Msonkhano wa m'mawa nawo sunkalephereka. Ankaima mozungulira, a Telala ali pakona ndi laputopu yawo, aliyense n'kunena kuti dzulo zinayenda bwino, lero ziyenda bwino, chomutsekereza palibe. Ikafika nthawi ya Sefa ankangoti, "Ndikuyesabe," ndipo anthu ankamuyang'ana mwachikondi.

Tisamunamizire kuti ankangovutika. Ankakondwa. Zaka zonsezo anthu ankamulemekeza koma sankamukonda, pakuti woyesa pulogalamu ndi munthu amene akamayandikira desiki yako mtima umayamba kugunda. Nthawi ya nkhomaliro ankadya yekha, foni ili m'manja. Tsopano ankamusungira mpando. Ankapeza bisiketi pa desiki yake osadziwa waikapo. Wa ndevu uja anayamba kumutchula kuti amayi athu, ndipo Lamlungu lililonse Changu ankabwera ndi galimoto kudzamutenga kuti akadye kwawo.

"Amayi athuwa akanakhala wapolisi wa pamsewu, dziko likanakoma," anatero wa ndevu tsiku lina akudya. "Amakuimitsa, n'kukuuza kuti nyali yakumbuyo yathima, n'kukufunira ulendo wabwino."

"Iwe ukanakhala galimoto bwenzi ndikukuimitsa pa ngodya iliyonse," anayankha Sefa. "Dzulo lokha ndakunong'oneza kangati?"

"Musawerenge, amayi! Owerenga ndi a Telala."

Onse anafa nacho chiseko, ndipo Sefa anaseka nawo mpaka misozi. Munthu wa msinkhu wake amadziwa kuti chikondi cha bisiketi sichipita patali. Koma chinkatsekemera, ndipo iye anachimeza.

Kamodzi kokha anayesa kusiya. Anakokera Changu pambali, pafupi ndi ketulo, n'kumuuza kuti lero lokha lija latalika.

"Chaka chingotha, alamu," anatero Changu. "Abwana akangomaliza zokhala pansi ndi anthu, tibwerera mwakale. Mukasiya pano tonse tifiira nthawi imodzi, ndiye adzafunsa kuti chachitika n'chiyani. Woyankha mudzakhala inu."

Zinali zoona, ndipo n'zimene zinamupweteka. Dzenje anakumba onse, koma amene anali pansi penipeni anali iye.

TV inali itasintha kale. Kufiira kunasanduka chikasu, chikasu n'kukhala kubiriwira, mpaka khoma lonse linangoti biriwiri. Abwana ankaima patsogolo pake manja ali m'thumba, ndipo alendo akabwera ankayamba awaonetsa TV asanawapatse mpando.

A Telala okha ndiwo anakayika pang'ono. Tsiku lina anaitanira Sefa m'kachipinda ka misonkhano, n'kutseka chitseko, n'kuyatsa kachipangizo kojambulira mawu.

"Mayi, matikiti atsika kwambiri, kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndisanalembe kanthu ndikufuna ndimve kwa inu. Pali chimene chasintha pa kagwiridwe kanu ka ntchito?"

"Palibe, bambo."

"Mukuyesabe zonse monga kale?"

"Zonse."

"Ndipo chilichonse chimene mwapeza mumachilemba?"

Kudzera pa galasi la chitseko Sefa ankaona msana wa Changu. Mlamuyo sankalemba kanthu. Anali atangokhala chowongoka, makutu ali tcheru.

"Chimene ndapeza ndimalemba," anatero Sefa. "Anzangawa akuyesetsa masiku ano. Kuwerengerana munatiphunzitsa kuja kukuthandiza."

A Telala anamwetulira ngati bambo amene wauzidwa kuti mwana wake wakhoza mayeso. Anamuthokoza kwambiri. Sefa atatuluka, Changu anamutsinzinira diso, ndipo pofika nthawi yoweruka anali atadzikhululukira.

Tsiku lopereka zotsatira abwana anagula zakumwa. Anthu anakokera mipando patsogolo pa TV, ndipo a Telala anaonetsa chithunzi cha mzere umene unayambira pamwamba n'kutsetsereka mpaka pansi. Anafotokoza kuti olemba pulogalamu akamawerengerana ntchito, zolakwika zambiri zimagwidwa zisanafike n'komwe kwa woyesa. Anati zimene apezazi akazifotokoza ku msonkhano waukulu wa akatswiri. Anthu anaomba m'manja. Changu anapatsidwa kachikho kagalasi ka munthu amene wasintha kwambiri, ndipo anakakweza m'mwamba ngati wagoletsa chigoli. Sefa nayenso anaomba m'manja mpaka munatentha.

Lolemba lotsatira abwana anamuitana.

Anayamba ndi kumuyamikira, ndipo Sefa anadziwiratu kuti zavuta, pakuti abwana ankayamikira munthu akamamuika m'manda. Ananena za zaka zimene watumikira, za kukhulupirika kwake, zoti sanajombepo. Kenako anatembenuza laputopu n'kumuonetsa mzere womwe uja.

"Mayi, inunso mwadzionera nokha. Kampani yakula. Anthu akudzigwira okha zolakwika. Miyezi yonseyi inu mwapeza chiyani? Tizilembo tosowa. Si vuto lanu, musandimve molakwa. Kungoti kusefa kumafunika ufa ukakhala ndi zinyalala, ndipo wathuwu wayera. Mwezi uno ukatha tisiyana bwinobwino. Kalata yabwino ndikulemberani."

"Bwana, zolakwika ndimazipeza tsiku lililonse."

"Zili kuti?"

"Ndimawauza pakamwa."

Abwana anatsamira mpando. "Mukundiuza kuti munanamiza ine, munanamizanso bambo a kafukufuku aja? Ndiye ndikhulupirire ziti, za lero kapena za tsiku lija? Chabwino. Munkauza yani? Nditchulireni dzina, ndimuitane pompano."

Dzina linali pamlomo. Sefa analimeza.

"Afunseni onse, bwana. Anena okha."

Ankakhulupiriradi kuti anena. Abwana anatuluka naye, n'kuima pakati pa madesiki, n'kuomba m'manja kuti anthu atembenuke.

"Tamverani kuno. Mayiwa akuti akhala akukupezerani zolakwika n'kumakuuzani kuseri, osalemba. Ngati ndi zoona ndiye kuti kubiriwira uku n'kwabodza, ndipo tiyambiranso kuwerenga. Alipo amene zinamuchitikira?"

Muofesi munangoti zii. Kunkangomveka makina a m'sitolo ya pansi akupopa tayala. Mtsikana wa pawindo anayamba kufunafuna kanthu m'chikwama. Wa ndevu, yemwe uja wa amayi athu, anayang'anitsitsa sikirini yake ngati akuiona koyamba. Sefa anayang'ana Changu. Changu anakanda m'mutu.

"Mwina kamodzikamodzi, bwana, pocheza," anatero. "Monga anthu ogwira ntchito limodzi. Koma zoti ndi mmene timachitira, ayi, ine sindikudziwapo kanthu."

Abwana anatambasula manja n'kubwerera mu ofesi yawo. Sefa anakhala pansi. Manyazi anamugwira ngati wabodza anali iye yekha m'chipindamo, ndipo chimene chinamuwawa kwambiri n'chakuti wabodza analidi.

Loweruka anapita kwa mng'ono wake osaitanidwa. Anamupeza pakhonde, miyendo ataisanjika pa kampando, akupinda timalaya ta mwana. Galimoto panalibe. Changu anali atazemba dala.

"Wamva?" anafunsa Sefa.

"Ndamva, achemwali. Pepani."

"Pepani yekha? Mwamuna wako akhoza kukonza zimenezi ndi mawu ochepa. Angolowa kwa abwana n'kunena kuti anayambitsa ndi iye."

Mng'ono wake anapinda kamalaya, n'kukafunyulula, n'kukapindanso. "Ndiye achotsedwe iyeyo?"

"Sindinatero."

"Nanga zitha bwanji? Akanena, abwana achotsa nonse awiri, wina chifukwa chopempha, wina chifukwa chovomera. Pano yapita ntchito imodzi. Mukufuna zipite zonse? Inu muli nokha, achemwali, pakamwa pamodzi. Ife posachedwa tikhala atatu."

"Ndinachita zimenezi chifukwa cha iwe."

"Ine ndinakutumani?"

Mawuwo anatuluka mofulumira, ngati anali atakonzedwa kale. Mng'ono wakeyo ataona nkhope ya mkulu wake anafewetsa mawu, koma sanabweze. "Ndikutanthauza kuti ndinu wamkulu, mumadziwa malamulo a ntchito yanu kuposa iye. Mukanakana tsiku loyamba, bwenzi atalimbikira yekha. Inu mumakonda kunyamula anthu, achemwali, kenako mumadabwa msana ukamapweteka."

Sefa anayang'ana timasokosi tili pa mkeka. Mng'ono wake yemweyu ali mwana anamusambitsa, anamuperekeza kusukulu, anagona naye m'chipatala atadwala malungo. Anafuna kukuwa, koma munthu woyembekezera sumukalipira. Anatsanzika asanamwe n'komwe madzi amene anapatsidwa.

Otsala anali a Telala. Anawapeza m'kachipinda ka misonkhano akulongedza mapepala awo, ndipo anawauza zonse kuyambira pachiyambi, osatchula dzina la munthu. A Telala anamvetsera mpaka nkhope inagwa. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Mayi, ndinakufunsani. Ndinatseka chitseko ichi n'kukufunsani."

"Munandifunsa. Ndinanama."

"Mawu anu ndili nawo, ojambulidwa, akunena zina. Lero mukunena zina, mutauzidwa kuti ntchito yatha. Ineyo ndikukukhulupirirani, koma amene adzawerenge adzafuna umboni."

"Kompyuta imasunga chilichonse chimene munthu wasintha mu pulogalamu. Kayang'aneni. Mupeza tokonzakonza tambirimbiri topanda tikiti."

"Ndinationa kale," anatero a Telala mwachisoni. "Ndi timeneto tinanditsimikizira. Timaonetsa wolemba pulogalamu akubwerera yekha kukakonza cholakwika chake popanda woyesa kumuuza. Kompyuta imalemba dzina la amene wakonza, mayi. Amene ananong'ona siimudziwa."

Sefa anaseka kuseka kowawa. Miyezi yonseyi anakhala akufufuta dzina lake lomwe, ndipo anafufuta bwino, monga ankagwirira ntchito iliyonse.

"Ndiye simungasinthe?"

"Pepala la kafukufuku linapita kale ku msonkhano uja. Koma kumapeto kuli gawo limene timalembamo zofooka za kafukufuku. Ndipempha kuti ndiikemo chiganizo chakuti mwina zolakwika zina sizinalembedwe."

"Mwina?"

"Ndi mmene timalembera, mayi."

Sabata yomaliza ya Sefa inali yomwe pulogalamu yatsopano inkayenera kutumizidwa ku zipatala. Mabisiketi anali atasiya. Anthu ankamupatsa moni akuyang'ana pansi, ndipo akadzuka ndi kapu yake misana yonse inkauma, ngakhale kuti tsopano ankapitadi kukatunga madzi. Akanatha kungokhala, kumawerenga nkhani pa intaneti mpaka Lachisanu. Koma manja anali atazolowera. Lachinayi m'mawa analowetsa wodwala wongopeka n'kumupatsa tsiku, kenako anachita ngati namwino amene wasintha tsikulo chifukwa dokotala sadzakhalapo. Pa sikirini tsiku linasintha bwinobwino. Koma uthenga umene unafika pa foni yoyesera unali ndi tsiku lakale. Anayesa kangapo mpaka anagwira pamene pankathyokera: zinkachitika tsiku latsopano likadumphira mwezi wina. Gawolo analemba Changu.

Anaganiza za mayi amene adzapemphe tchuthi kuntchito, n'kukwera basi mwana wodwala ali kumsana, n'kukauzidwa pawindo kuti dokotala kulibe, tsiku lanu linasinthidwa. Atakweza maso anapeza Changu akumuyang'ana. Mlamuyo anali ataona nkhope yake. Anayamba kudzuka pampando, dzanja lili m'mwamba ngati woimitsa basi.

Sefa anatsegula tikiti. Analemba zonse mwadongosolo monga ankachitira kale: dinani apa, sankhani tsiku la mwezi wotsatira, onani uthenga. Anaikapo chithunzi. Pa kukula kwa vuto anasankha kuti ndi lalikulu, akudziwa kuti tikiti yotere imafiiritsa dzina nthawi yomweyo. Pa dzina anaika la mlamu wake, n'kutumiza.

Pakhoma, pakati pa kubiriwira konse kuja, dzina limodzi linasanduka psuu. Wina anati, "Ii!"

Changu anathamangira pa desiki ya Sefa. "Alamu, mwanditani?"

"Ndagwira ntchito yanga."

"Simukanangondiuza?"

"Ndakuuzani. Zili mu tikitimo."

Abwana anatuluka atauona mtundu umene anali atauiwala. Anawerenga tikiti ataimirira kumbuyo kwa Sefa, kenako anatembenukira kwa Changu. "N'zoona izi?"

Apa m'pamene Sefa anaona chinthu chimene sanachiganizire. Changu akanavomera, ndiye kuti woyesa akupezabe zolakwika zazikulu. Ndiye kuti zimene Sefa anaulula kwa abwana zija zinali zoona, ndipo TV, kachikho, mzere wa a Telala, zonse zikanagwera pansi. Anaona mlamu wake akuziyeza zonsezi m'mutu, mwachangu monga mwa dzina lake.

"Ndinayesa kwanga dzulo, bwana. Zikuyenda bwinobwino. Mwina ndi kompyuta yawoyi."

"Bwana, khalani pansi muyese nokha," anatero Sefa akukankha mpando. "Sizitenga nthawi."

Abwana sanauyang'ane n'komwe mpandowo. "Mayi, miyezi yonseyi munalibe chonena. Lero, mawa lake mukuchoka, mwapeza vuto lalikulu, ndipo mwalipeza kwa munthu amene anakana kukuikirani kumbuyo. M'bale wanu! Ine ndinkakulemekezani. Musachoke chonchi." Anaweramira pa kiyibodi ya Sefa yomweyo, n'kusankha mawu akuti si cholakwika, n'kutseka tikiti. "Pulogalamu ipita mawa monga tinapangana."

Dzina la Changu linabiriwiranso abwana asanafike pa chitseko chawo. Mwa zolakwika zazikulu zonse zimene Sefa anapeza chaka chimenecho, chimene anachilemba bwinobwino ndi chokhacho chimene sichinakonzedwe.

Lachisanu masana anaika zinthu zake mu katoni: kapu, juzi imene inkakhala pa mpando, nsapato zosinthira, kamtengo ka maluwa. Zotsanzikana panalibe. Abwana anali atapita kukaonetsa pulogalamu kwa makasitomala, ndipo ena onse mwadzidzidzi anatanganidwa kwambiri. Mtsikana wa pawindo yekha ndiye anatukula dzanja pang'ono, n'kulibweza msanga.

Changu anamupeza pa masitepe, pamene fungo la matayala limayambira.

"Ndikunyamulireni, alamu."

"Si yolemera."

Changu anaima pamwamba pake pang'ono, manja akusowa pokhala. "Chija ndachiona. Mukunena zoona, ndi mzere umodzi. Ndidzakonza zinthu zikazizira, mwezi wamawa kapena winawo, pamodzi ndi zina, osaonekera. Ndikakonza pano aona."

"Nanga amene apite kuchipatala tsiku lolakwika?"

"Adzapitanso, alamu. Anthu amapitanso."

Sefa anasuntha katoni m'manja n'kutsika sitepe ina.

"Palinso china," anatero Changu akuyang'ana khoma. "Mng'ono wanu wamva za dzulo. Sanadye, mpaka magazi anayamba kuthamanga. Wati Lamlungu musavutike kubwera. Ndiponso zija munapangana, zoti mudzakhale naye kuchipatala nthawi ikakwana, wati apita ndi mayi anga."

"Wanena choncho iyeyo?"

"Wati musadandaule. Mwana akabadwa tidzakutumizirani chithunzi."

Sefa anagwedeza mutu. Anatsika masitepe otsalawo pang'onopang'ono, chifukwa katoni inkamutchinga kuona popondera. Pansipo chitseko chinali chotseka, ndipo manja ake onse anali odzaza. Anadikira pang'ono. Kenako anamva mapazi a Changu akukwera kubwerera muofesi, ndipo anatembenuka n'kukankha chitseko ndi phewa.